Kuphunzira zisudzo mukuchokera ku Mulanje: Zomba, Ndata, uphunzitsi, gulu la m'tauni kapena kunja?

Kuno ku Mulanje mvula ikayamba kumenya malata, sewero limaima lokha. Ndakhala ndikuyang'anira kalabu ya zisudzo pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Chitakale, ndipo tsiku limene sindiliiwala ndi lomwe tinasewera muholo ya tchalitchi, katani yathu ili mabulangete awiri osokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Sewero lili pakati, mvula inakhuthuka. Anyamata atatu anayamba kukuwa kuti amveke, ndipo pasanathe mphindi zisanu mawu anali atasasa. Mtsikana mmodzi yekha, amene ankasewera ngati apongozi ovuta, sanakuwe. Anasendera kutsogolo, mawu ambiri n'kuwasiya, n'kuyamba kuyankhula ndi mapewa, maso ndi mmene ankamangira chitenje. Anthu anaseka mpaka a pabenchi yomaliza.

Zotsatira za MSCE zitatuluka, mtsikanayo anabwera kunyumba kwanga ndi amalume ake. Iye anafunsa kuti, "Aphunzitsi, zimenezi zimaphunziridwa kuti?" Amalumewo sanazungulire: "Ife tikufuna tidziwe ngati zimadyetsa. Ndalama zathu n'za nandolo ndi nanazi, sizibwera kawiri."

Tsiku limenelo ndinayankha mwachidule. Apa ndalemba zonse, chifukwa mafunso awiriwa ndimawamva chaka ndi chaka.

Muyambe mwadziwa chimene mukusowa

Maphunziro a zisudzo amakhala pa mafuwa atatu, ndipo palibe njira imene imapereka onse atatu mofanana. Apa ndi pamene ambiri amasochera.

Fuwa loyamba ndi kusewera kwenikweniko: kupuma bwino, kutulutsa mawu kuchokera m'mimba osati pakhosi, kuloweza, kumvetsera mnzako pasiteji m'malo mongodikira nthawi yako yoyankhula. M'kalasi mudzamva za Konstantin Stanislavski wa ku Russia, mmodzi mwa amene anayambitsa Moscow Art Theatre mu 1898, yemwe ankaphunzitsa wosewera kudzifunsa kuti munthu amene akumuyimirayo akufuna chiyani pa mphindi iliyonse. Mudzamvanso za Bertolt Brecht wa ku Germany, amene sankafuna kuti oonera angolira n'kupita kwawo, koma kuti aganize. Zonsezi n'zothandiza, koma thupi limaphunzira pochita. Munthu amene waima pamaso pa anthu maulendo 100 amadziwa zimene buku silinena.

Lachiwiri ndi ntchito za kuseri kwa katani: magetsi a pasiteji, zokuzira mawu, zovala, kumanga malo osewerera, kusunga buku losonyeza nthawi imene nyali iyake kapena nyimbo ilowe, kuwerengera ndalama, kutsatsa. Achinyamata anga onse amafuna kukhala kutsogolo, palibe amene amapempha kugwira mawaya. Komatu kuno kwathu, mbali imeneyi ndi imene imabweretsa ndalama msanga. Ukwati, chinkhoswe, msonkhano wa mpingo, phwando la oimba, situdiyo ya wailesi, onsewa amafuna munthu wodziwa kuletsa maikolofoni kulira.

Lachitatu ndi mbiri ndi kaganizidwe: kuyambira zisudzo za Agiriki ku Athens zaka zoposa 2,400 zapitazo, kudzera kwa Shakespeare, kufika pa nthano, gule wamkulu ndi tchopa wathu, yemwe bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2014. Muli nkhani ya dziko lathu momwemu. Lamulo la 1968 lounika zosangalatsa linkachititsa kuti sewero lidutse kaye m'manja mwa akuluakulu lisanaonetsedwe, ndiye alembi anaphunzira kubisa mawu m'nthano zamakedzana. Steve Chimombo atalemba sewero la The Rainmaker, lonena za M'bona, amene anali ndi makutu anamva zambiri kuposa nkhani ya mvula. Wosadziwa mbiri imeneyi amatha kusewera bwino, koma akafuna kulemba kapena kutsogolera ena amangobwereza zomwe anaonera.

Njira iliyonse ndiyiyeza ndi zinthu zinayi: mtengo wake, mwayi wopeza malo, zofunika kuti mupirire mpaka kumapeto, ndi zoopsa zake. Pali funso linanso limene muyenera kumadzifunsa mukuwerenga: mukufuna kusewera m'chiyankhulo chanji, pamaso pa ndani? Wofuna kuseketsa anthu pamsika wa Limbuli ndi wofuna kukaima pa chikondwerero cha zisudzo kunja sasowa zinthu zofanana.

1. Digiri ku University of Malawi, Zomba

Kuno ndiye kuchimake kwa maphunziro a zisudzo m'dziko muno. Sukuluyi, imene tonse tinazolowera kuitchula kuti Chanco, inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo gulu lake loyendayenda la Travelling Theatre linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Poyamba linkasewera m'Chingerezi m'masukulu a sekondale. Mu 1981 linapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba kukapanga masewero pamodzi ndi anthu a m'midzi, m'chiyankhulo chawo ndi pa mavuto awo, ndipo kenako ntchito yotere inapitirira m'midzi yozungulira Liwonde pa nkhani za umoyo. Aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr ndi amene anakuza njira imeneyi ya zisudzo zachitukuko. Mukaona achinyamata akusewera pansi pa mtengo za kolera kapena za maukwati a ana, n'kuimitsa sewero kuti afunse amfumu maganizo, dziwani kuti muzu wake uli kumeneko, komanso kwa Augusto Boal wa ku Brazil, amene ankafuna kuti woonera alowe m'sewero n'kusintha mathero ake.

*Mtengo.* Digiri ndi ya zaka zinayi. Fizi ya m'mayunivesite a boma ndi yotsika poyerekeza ndi a eni ake, koma imakwera, choncho muwerengere ndi chikalata cha chaka chimene mukulowacho, osati ndi zomwe analipira mwana wa aneba. Fizi si imene imagwetsa ambiri ayi. Chimene chimagwetsa ndi lendi, chakudya, intaneti ndi kusindikiza mapepala mwezi ndi mwezi. Bungwe la ngongole za ophunzira, Higher Education Students' Loans and Grants Board, limathandiza osowa, koma si onse opempha amene amapatsidwa, ndipo ndi ngongole yobweza, si mphatso.

*Mwayi wopeza malo.* Mumalembera kudzera ku National Council for Higher Education (NCHE), ndipo pamafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Kukwanitsa zimenezi ndi kungofika pakhomo, chifukwa opikisana nawo ndi ochuluka kuposa malo. Kwa zaka zambiri zisudzo zinkaphunziridwa mkati mwa digiri ya Humanities, pomwe chaka choyamba munthu amatenga maphunziro angapo kenako n'kusankha lozamirapo. Kuyambira 2021, pamene Polytechnic ndi makoleji a zaumoyo anapatukana ndi yunivesiteyi, masukulu ndi mapulogalamu anakonzedwanso, ndiye werengani bwino dzina la pulogalamu musanalembe pafomu. Kwa amene anamaliza kalekale ndipo ali ndi dipuloma kapena akugwira ntchito, pali khomo la olowa atakula.

*Zofunika kuti mupirire.* Malo ogona pasukulu sakwanira onse, ndipo ambiri amachita lendi ku Chikanda ndi madera ena oyandikira. Wophunzira zisudzo izi zimamukhudza kuposa wa mbiri yakale kapena wa masamu, chifukwa mapulakatisi amachitika madzulo ndipo amatha usiku. Makolo a ana aakazi, funsani za mtunda wa pakati pa chipinda ndi sukulu musanafunse za mtengo wa chipindacho. Ubwino wa ife a kuno ndi woti Zomba si kutali. Mutha kudzera ku Limbe pa msewu wa Midima, kapena kudzera ku Phalombe ndi Jali, ndipo thumba la ufa ndi nandolo wouma zimafika tsiku lomwelo. Thumba limenelo limachepetsa ndalama zambiri kuposa momwe mungaganizire.

*Zoopsa zake.* Choyamba n'choti digiri ndi yowerenga ndi kulemba kwambiri. Amene akuganiza kuti akukasewera zaka zinayi adzakhumudwa akapatsidwa nkhani ya masamba khumi yoti alembe m'Chingerezi. Chachiwiri, kalendala ya sukulu imatha kusokonekera. Mu 2011 mkangano wa ufulu wa aphunzitsi unaimitsa maphunziro miyezi yambiri, ndipo mu 2020 Covid-19 inatseka masukulu onse. Lendi siyiima sukulu ikaima. Chachitatu n'chomwe amalume aja ankafunsa: palibe kampani ya zisudzo ya boma imene ikudikira omaliza maphunziro ndi malipiro a pamwezi. Ambiri amakalowa m'mabungwe omwe si a boma, m'nyumba zoulutsira mawu, m'zotsatsa malonda kapena m'kalasi. Ku Zomba komweko kuli mabungwe monga CRECCOM ndi YONECO amene amagwiritsa ntchito zisudzo ndi wailesi pofikira anthu, ndipo wochenjera amayamba kudziwana nawo ali chaka chachiwiri, osadikira gauni.

Mukapeza mpata, pitani mukaonere sewero la ophunzira musanasankhe. Mukatha, funsani mmodzi wa iwo kuti pachaka amaonetsa masewero angati, ndipo ndani amagwira magetsi. Yankho lake lidzakuuzani zambiri kuposa kapepala kotsatsa.

2. Za chikhalidwe ndi nyimbo ku MUST, Ndata

Malawi University of Science and Technology ili pakhomo pathu penipeni, kufupi ndi Goliati m'boma la Thyolo, ndipo inatsegulidwa mu 2014. Ambiri amaidziwa ndi za uinjiniya, koma ilinso ndi Bingu School of Culture and Heritage, kumene kuli maphunziro monga African Musicology ndi Indigenous Knowledge Systems and Practice.

*Mtengo.* Ndi yunivesite ya boma, ndipo ngongole ya ophunzira imafikanso kumeneko. Phindu lalikulu ndi thiransipoti. Wa ku Luchenza kapena ku Thyolo boma amapita kwawo Loweruka n'kubwerako Lamulungu.

*Mwayi wopeza malo.* Khomo ndi lomwelo la NCHE, ndi makirediti omwewo.

*Zofunika kuti mupirire.* Ndata ndi kumudzi. Kulibe maholo a zisudzo ngati ku Blantyre, choncho wofuna kusewera ayenera kudzipangira gulu ndi anzake kapena kumakwera minibasi kupita m'tauni.

*Zoopsa zake.* Maphunziro amenewa ndi a nyimbo, chikhalidwe ndi chiyankhulo, si osula munthu wosewera pasiteji. Mukapitako chifukwa choti n'pafupi basi, mudzatha zaka zinayi mukusirira a ku Zomba. Koma ngati mtima wanu uli pa ng'oma za tchopa, pa magule amene timaonera kwa Chonde mwezi wa Okutobala pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ndipo mukufuna kudzapanga masewero omera pa zimenezi, musaipeputse. Masewero athu ambiri amaika gule kumapeto ngati chokometsera. Wodziwa chifukwa chake gule amavinidwa angathe kumuika pakati pa nkhani.

3. Uphunzitsi, zisudzo zili pambali

Iyi ndi njira yanga, ndiye ndiyankhula mosamala kuti ndisaikometsere. Mumaphunzira uphunzitsi wa Chingerezi kapena Chichewa, ku University of Malawi, ku Mzuzu University, kapena ku makoleji a uphunzitsi a Domasi ndi Nalikule, n'kumachita zisudzo m'magulu a pasukulu. Mukayamba ntchito mumakhala woyang'anira kalabu.

*Mtengo.* Sizisiyana kwambiri ndi maphunziro ena a boma, ndipo dipuloma imatha msanga kuposa digiri.

*Mwayi wopeza malo.* Makomo ndi ambiri kuposa a zisudzo, chifukwa sukulu zophunzitsa aphunzitsi n'zingapo.

*Zofunika kuti mupirire.* Nthawi, komanso thumba lanu. Tsiku la mpikisano likafika, ndalama ya galimoto ndi ya mandasi a ana nthawi zambiri imachoka kwa mphunzitsi. Komabe musaiwale kuti zisudzo za dziko lino zinakulira m'masukulu. Mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo Du Chisiza Jr, katswiri wolemba ndi kusewera zisudzo, anatchuka koyamba kumeneko mu 1982 ali mwana wasukulu ku sekondale ya HHI ku Blantyre. Masiku ano kulinso NASFEST, chikondwerero cha zaluso cha ana asukulu. Mphunzitsi wodziwa ntchito amasula osewera ambiri kuposa gulu lililonse la m'tauni.

*Zoopsa zake.* Kulembedwa ntchito m'boma kumatha kuchedwa zaka. Mukalembedwa, mutha kutumizidwa kusukulu ya kutali kumene holo kulibe, magetsi kulibe. Ndipo pali china chimene sindinauzidwe: pang'onopang'ono umasiya kusewera iwe mwini. Ine ndinaima komaliza pasiteji ngati wosewera mwana wanga woyamba asanabadwe. Pano ntchito yanga n'kukuwa kumbuyo kwa holo kuti, "Sitikumva!"

4. Kulowa gulu n'kuphunzira pogwira

Mayina ambiri amene Amalawi amawakonda anadzera njira iyi. Kwathu Drama Group yakhala ikudzaza maholo ndi masewero a m'Chichewa kuyambira zaka za m'ma 1980. John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja, anaseketsa dziko lonse, ndipo luso lawo analinola pamaso pa anthu. Gertrude Kamkwatira anakulira mu Wakhumbata Ensemble Theatre, n'kudzaitsogolera Du Chisiza atamwalira mu 1999, kenako n'kuyambitsa gulu lake la Wanna-Do. Ku Blantyre kuli magulu monga Solomonic Peacocks, amene amakonza chikondwerero cha zisudzo nthawi ya Pasaka, komanso Nanzikambe imene inayamba mu 2003. Pawailesi, Story Workshop inatchuka ndi sewero la Zimachitika. Ndipo kuno ku Mulanje palibe amene sadziwa kuti Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Makolo ena amanditchulira dzina limeneli ngati umboni woti sukulu n'njosafunika. Ndimawakumbutsa kuti mkuluyo anaphunziranso kwambiri, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe la ADRA.

*Mtengo.* Fizi palibe, koma si zaulere. Mulipira ndi thiransipoti yopita ku mapulakatisi, ndi lendi ngati mwasamukira m'tauni, ndi zaka zanu. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa analowa gulu lina ku Limbe. Ankagona anthu anayi m'chipinda chimodzi ku Bangwe. Sewero lawo loyamba linadzaza theka la holo, ndipo atachotsa ya holo, ya mapositala, ya zokuzira mawu ndi ya galimoto, aliyense anapatsidwa ndalama yongokwana minibasi ndi chipisi. Anandiimbira foni akuseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene wawerengera kale kuti mwezi sutha.

*Mwayi wopeza malo.* Khomo ili ndi lotsegula kuposa onse. Palibe amene adzakufunsani mapointi. Magulu a achinyamata alipo m'mipingo, m'maofesi a achinyamata a pa boma, ngakhale m'makomboni a m'maesiteti a tiyi. Vuto ndi kupeza gulu limene lingakuphunzitseni kanthu. Magulu ambiri amangokumana kukamveka kuti bungwe lina labwera ndi alawansi. Chizindikiro cha gulu labwino n'chosavuta: limachita mapulakatisi ngakhale kulibe ndalama, limayamba ndi kutenthetsa thupi ndi mawu, ndipo pali munthu amene amalemba sewero papepala.

*Zofunika kuti mupirire.* Muyenera kukhala ndi china chobweretsa ndalama, kaya ndi geni, kaya ganyu ya zokuzira mawu, kaya kujambula makanema a maukwati. Apa ndi pamene ndimalimbikira za kuseri kwa katani. M'gulu, amene wadzipereka kunyamula masipika ndi kulumikiza mawaya sasiyidwa paulendo, ndipo pakatha chaka amakhala ndi luso logulitsa Loweruka lililonse. Foni yojambula bwino ndi bando ya intaneti zasanduka zida za ntchito, chifukwa timasewero tatifupi ta pa Facebook, TikTok ndi YouTube ndi tomwe tikudziwitsa anthu atsopano. Mukayamba kulemba zanu, kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso. Mbiri ndi kaganizidwe muyenera kuzifuna nokha, pobwereka mabuku ndi kupita ku maphunziro afupiafupi akapezeka.

*Zoopsa zake.* Zilipo zitatu zimene ndaziona ndi maso. Ndalama za pageti zimayambanitsa anthu, ndipo popanda pepala losainirana, wamng'ono ndi amene amadyeredwa. Chachiwiri, masewero a mabungwe amalipira koma amaumitsa luso. Ukasewera kakhumi bambo woledzera amene amalapa kumapeto namwino atayankhula, umaiwala kuti munthu weniweni salapa msanga choncho. Polojekiti ikatha, gulu limathanso. Chachitatu n'cholemera: pali atsogoleri ena a magulu amene amapereka mbali yaikulu ya sewero kwa mtsikana posinthana ndi thupi lake. Si onse, koma alipo. Mwana wamkazi asalowe gulu limene mulibe amayi akuluakulu, ndipo makolo akamuone mtsogoleriyo maso ndi maso. Pamwamba pa zonsezi, mulibe satifiketi. Tsiku limene bungwe lidzafune woyang'anira polojekiti, lidzatenga wa digiri amene inu munamuphunzitsa kuima pasiteji.

5. Kunja kwa dziko

Amene amalota za kunja nthawi zambiri amayang'ana ku South Africa, ndipo m'pomveka. Yunivesite ya Wits ku Johannesburg, University of Cape Town ndi Rhodes ku Makhanda zili ndi maphunziro a zisudzo okhala ndi nyumba zosewerera zenizeni, kumene magetsi, zovala ndi kamangidwe ka siteji ndi maphunziro paokha. Ku Makhanda komweko ndi kumene kumachitikira National Arts Festival chaka chilichonse. Ku Newtown kuli Market Theatre Laboratory, imene Barney Simon ndi John Kani anaiyambitsa mu 1989. Siyipereka digiri, koma imasula osewera. Kumpoto kwathu, ku Tanzania, kuli koleji ya zaluso ya TaSUBa ku Bagamoyo, kwa amene Chiswahili sichimuvuta. Du Chisiza naye anakaphunzira ku United States asanabwere kudzayambitsa Wakhumbata mu 1987.

*Mtengo.* Iyi ndiyo yodula kuposa zonse, ndipo siyandikana n'komwe ndi zinazo. Mgwirizano wa mayiko a SADC umathandiza kuti fizi m'mayunivesite a boma ifanane ndi ya eni dziko, koma pamakhala ndalama ina yowonjezera ya ophunzira akunja, inshulansi ya chipatala imene chitupa chophunzirira chimafuna, malo ogona ndi chakudya, zonse m'marandi. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Banja limene linali litawerengera bwinobwino linadzuka bajeti itang'ambika.

*Mwayi wopeza malo.* MSCE yokha nthawi zambiri siyikwana kulowera digiri ku South Africa. Amafuna A-Level kapena maphunziro ena owonjezera, ndipo mapepala anu ayenera kuunikidwa kumeneko. Kenako pali mayeso osewera pamaso pa aphunzitsi kapena pa kanema. Thandizo la fizi la digiri yoyamba ya zisudzo ndi losowa kwambiri. Limapezekako pa digiri yachiwiri.

*Zofunika kuti mupirire.* Ndalama zakunja zimavuta kupeza m'mabanki athu, ndipo sukulu siidikira. Chitupa chophunzirira chimalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, zomwe sizingalipire fizi. Wachibale amene ali ku Joni angakusungeni, koma mufunse kaye ngati kumene akukhalako n'kotheka kubwerako usiku mukatha mapulakatisi.

*Zoopsa zake.* Ziwawa zochitira alendo zinabuka mu 2008, 2015 ndi 2019, ndipo Amalawi ambiri anabwerera kumudzi pa mabasi opanda kanthu m'manja. Palinso vuto la chiyankhulo: mbali zambiri m'masewero a kumeneko zimafuna Chizulu, Chixhosa kapena Chisotho. Ndipo mukabwerako, mudzapeza kuti zida zomwe munazolowera kuno kulibe. Mudzafunika kuphunziranso kusewera pansi pa malata mvula ikugwa.

Ndiye ndani apite kuti?

Ngati muli ndi mapointi abwino, mumakonda kuwerenga, ndipo kunyumba angathe kukutumizirani ufa ndi kandalama ka lendi kwa zaka zinayi, lembani Zomba poyamba. Kumeneko mafuwa atatu aja mungawapeze pamalo amodzi, ngakhale la mbiri ndi limene lidzakhale lalitali. Pa tchuthi musakhale pansi, kalowereni gulu ku Blantyre kuti maola a pasiteji achuluke.

Ngati chimene chimakukokani ndi ng'oma, nyimbo ndi miyambo, kapena simungatalikire kwanu chifukwa muli ndi odwala kapena ana oti muwayang'anire, Ndata ikukwanirani, bola mudziwe kuti kusewera mukakufuna nokha.

Ngati ndinu woyamba kubadwa ndipo abale anu akuyang'ana kwa inu, tengani uphunzitsi. Sindikunena mokondwa, koma malipiro a pamwezi amakulolani kulemba sewero limene mukufuna, osati limene bungwe lalamula.

Ngati makirediti sanakwane, muli ndi zosankha ziwiri zimene zingayendere limodzi: kulowa gulu labwino pafupi ndi kwanu, ndi kulembanso MSCE pa sukulu ya masana. Musathamangire ku Limbe musanakhale ndi pogona ndi chochita cha ndalama. Ndipo ngati manja anu amakonda mawaya kuposa mawu, musadzione ngati wolephera kusewera. Funani mwini zokuzira mawu akuphunzitseni, muwonjezere kosi ya zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja, ndipo magulu adzakusakani okha.

Za kunja zisiyireni amene ali ndi wowalipirira wodalirika m'ndalama zakunja. Kwa ena tonsefe n'kwanzeru kumaliza digiri yoyamba kuno, kupanga masewero awiri kapena atatu oti mungawaonetse, kenako n'kufunsira thandizo la digiri yachiwiri.

Mtsikana wa chitenje uja makirediti anali nawo, koma mapointi ake anali a pakatikati. Tinagwirizana ndi amalume ake kuti pafomu alembe Zomba poyamba, uphunzitsi pachiwiri. Podikira mayina, amalumewo anakamupezera malo kwa bambo wina wobwereketsa zokuzira mawu pa Chitakale. Loweruka lapitali ndinamuona pa chinkhoswe, atakwinya chitenje m'chiuno, akuuza mnyamata wamkulu kuposa iye kuti asunthe sipika chifukwa yayang'anizana ndi maikolofoni.